Kodi mwana avule liti thewera?

Inu makolo anzanga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene banja ndipo m'nyumbamo muli kamwana koyenda dedede, sabata ino tikambirane nkhani imene pagulu timachita nayo manyazi, pomwe kunyumba ndi imene imatithera sopo, ndalama ndi mtendere womwe. Ndikunena nkhani ya mwana ndi chimbudzi. Amene mukuwerenga uku mbale ili pamiyendo, pepani, yambani mwamaliza kaye nsimayo.

Masiku apitawa ndinakacheza kwa mwana wa achimwene anga yemwe anakwatiwa ku Lilongwe. Tili mkati mocheza pabalaza, kamnyamata kake ka zaka zitatu ndi miyezi ingapo kanatidutsa, kulowa kuchipinda, n'kutuluka katanyamula pampasi yatsopano m'manja.

"Amami, ndisintheni, ndabiba."

Mayi ake anangodzuka n'kukalandira ngati palibe chachilendo. Koma apongozi ake, omwe anabwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala, anagwira pakamwa.

"Amake mwana, munthu woti akudziwa pomwe mumasunga mapampasi angalephere kudziwa pomwe pali chimbudzi?"

"Amayi, masiku ano amati mwana osamukakamiza. Akakonzeka adzayamba yekha."

"Akakonzeka? Bambo akewa anasiya thewera asanayambe n'kuyenda komwe."

Bambo ake otchulidwawo maso anali pa mpira pa TV, ngati nkhaniyo ndi ya kwa aneba.

Ine ndinangoti zii poti ndinali mlendo. Koma pobwerera, m'basi monse nkhaniyi inandizungulira m'mutu, chifukwa mkangano umenewu uli m'nyumba zambiri. Ndikuuzirenitu maganizo anga: agogo aja ankanena zoona pa za kuyamba msanga, ndipo mpongozi wawo ankanena zoona pa za kusakakamiza. Cholakwika n'chakuti ambiri timaganiza kuti ziwirizi sizingayendere limodzi.

Amene munakulira kumudzi mukukumbukira mmene zinkakhalira. Mwana akangodzuka kapena akangomaliza kuyamwa, mayi ankakhala pansi, kutambalala, n'kumukhazika pakati pa miyendo uku akuti "sssss". Pomubibitsa ankamukhazika pamapazi, atayang'anizana naye, atamugwira m'khwapa. Mwana ali kumbuyo akayamba kudzipotokola, mayi ankadziwa kale, n'kumutsitsa msanga chitenje chisananyowe. Panalibe buku, panalibe wotchi. Mayi ankangomudziwa mwana wake chifukwa tsiku lonse anali naye pathupi. Tisaiwalenso kuti madzi anali a kuchitsime ndipo sopo anali wosowa, choncho thewera lililonse lopulumuka linali phindu.

Musaganize kuti izi ndi zachimidzi zopanda mutu. Mu 1977, Marten ndi Rachel deVries analemba m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics zomwe anaona pakati pa Adigo, anthu okhala m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Kenya. Amayi kumeneko ankayamba kukodzetsa mwana ali ndi masabata awiri kapena atatu, pomukhazika pakati pa miyendo ndi kuchita kaphokoso kofanana ndi kathu komweka. Mwana akakodza ankamusangalalira, kumukumbatira kapena kumupatsa bere. Pofika miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, ana ankatha kukhala osadzinyowetsa usana ndi usiku womwe. Ku Vietnam nako, akatswiri a pa yunivesite ya Gothenburg ya ku Sweden anatsatira amayi 47 ndi ana awo kuyambira pobadwa mpaka zaka ziwiri, ndipo zomwe anapeza zinatuluka mu 2013. Kumeneko amayi amaimba likhweru m'malo mwa "sssss". Pofika miyezi 9 anawo anali akukhala kale pa kapoti, kachimbudzi ka ana konyamula m'manja kaja, ndipo pofika zaka ziwiri nkhani inali itatha.

Komatu pali kanthu kamene agogo sanena. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi akamakhala wosanyowetsa chitenje, amene waphunzira kwenikweni ndi mayi. Ndi mayi amene akuwerenga nkhope ya mwanayo, kusunga nthawi ndi kumuthamangitsira panja. Mwana wangozolowera kuti akamva "sssss" amasule. Tsiku limene mayi wapita kumaliro n'kumusiya ndi munthu wina, zonse zimabwerera mwakale. Kukodzetsedwa ndi kwina, kupita wekha ndi kwinanso.

Thupi nalo lili ndi nthawi yake. Khanda limakodza kambirimbiri, mwina mpaka maulendo 20 patsiku, chifukwa chikhodzodzo chake n'chaching'ono ndipo chimatulutsa osapempha chilolezo kwa mwini wake. Ngakhale pa zaka ziwiri, chikhodzodzo cha mwana chimasunga mamililita pafupifupi 90 basi, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la Fanta. Kuti mwana amve kuti mkodzo wamupana, adzigwire, athamange ndi kutsitsa kabudula, pamafunika kuti ubongo, minofu ndi timiyendo zigwirizane. Kwa ana ambiri izi zimayamba kutheka pakati pa miyezi 18 ndi zaka ziwiri ndi theka.

Nanga mawu akuti "mudikireni akonzeke" anachokera kuti? Anachokera ku America. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 makolo kumeneko ankalangizidwa kukhazika makanda pa kapoti pa nthawi yoikika ngati asilikali, afune asafune. Dokotala wina wa ana, T. Berry Brazelton, anatsutsa zokakamizazi, ndipo mu 1962 analemba zomwe anapeza pa ana 1,170 omwe makolo awo anatsata njira yofatsa. Koma tamverani bwino. Iye ankati mwana ayambe kudziwana ndi kapoti cha m'ma miyezi 18, ndipo pa avereji anawo ankamaliza za masana ali ndi miyezi pafupifupi 28. Sananene kuti mwana afike zaka zinayi ayi. Chomwe chinachitika n'chakuti malangizo akewa anakumana panjira ndi Pampers, yemwe kampani ya Procter & Gamble inayamba kugulitsa mu 1961. Thewera la nsalu limanyowa, mwana amamva kuzizira n'kulira, mayi amatopa n'kuchapa, ndiye onse awiri amafuna nkhaniyi ithe msanga. Pampasi imamwa mkodzo wonse, mwana amangomva kuuma, mayi amangokulunga n'kutaya. Palibe amene ali pachangu. Dokotala yemweyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anadzaonekera pa TV akutsatsa Pampers wa ana okulirapo. Izo ndangokuuzani, muziona nokha.

Kumene kudikiraku kwafika nako, kaoneni ku England. Lipoti limene bungwe la Kindred Squared linatulutsa mu 2024 litafunsa aphunzitsi linati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi alionse oyamba sukulu, ana a zaka zinayi, anali asanadziwe kupita yekha kuchimbudzi. Taganizani, mphunzitsi kusiya kalasi n'kumakasintha thewera. Ndipo si nkhani ya manyazi okha. Ofufuza a pa yunivesite ya Bristol, atatsatira ana oposa 8,000, ananena mu 2009 kuti ana omwe anayamba kuphunzitsidwa atadutsa zaka ziwiri anali ndi mpata waukulu wopitirira kudzinyowetsa masana atafika kale msinkhu wa sukulu. Kwinaku, kafukufuku wa ku Philadelphia wa mu 2003 anaonetsa kuti kulimbana naye mwana mwamphamvu asanakwane miyezi 27 sikumufulumizitsa kumaliza, kumangotalikitsa nthawi yovutikira, ngakhale kuyamba msangako pakokha sikunapezeke kuti kumamudwalitsa.

Mukaziika pamodzi zonsezi, chimene chikutuluka ndi chomwe ine ndimauza ana anga: kapoti kalowe m'nyumba msanga, koma ukali usalowe nako. Mwana akangotha kukhala tsonga yekha, mutha kumamukhazikapo kamphindi akadzuka, ngati masewera, osayembekezera kanthu. Akayamba kuyenda ndi kuloza zinthu, cha m'ma chaka ndi theka, yambani kumusiyira mbali ina ya ntchitoyo.

Apa ndiye tafika pa chimene chandichititsa kulemba, chifukwa nkhaniyi si ya matewera okha ayi. Mwana wa chaka ndi theka kufika zaka zitatu ali ndi mawu awiri amene amawakonda kuposa onse: "ayi" ndi "ndekha". Mukafuna kumudyetsa, akulanda supuni. Mukafuna kumuveka nsapato, akukana, n'kuvala yekha mosemphanitsa. Ambiri timati wayamba mwano. Katswiri wa kakulidwe ka maganizo a munthu, Erik Erikson, analemba mu 1950 kuti pa msinkhu umenewu mwana amaphunzira chimodzi mwa ziwiri: kuti atha kudzichitira zinthu, kapena kuti ndi wochititsa manyazi wosatha kanthu. Chimbudzi chili pakatikati pa phunziro limeneli, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana mutha kumusambitsa afune asafune. Mutha kumuveka, kumunyamula, ngakhale phala mutha kumukakamiza. Koma simungamukodzere. Iyi ndi ntchito yoyamba pamoyo wake imene mwini wake ndi iye basi.

Mudzaionetsetse nkhope ya mwana tsiku loyamba limene wathamangira yekha pa kapoti, wachita, n'kudzuka kudzakukokani dzanja kuti mukaone. Amanyadira ngati wakhoza mayeso a fomu folo. Chimene waphunzira pamenepo n'chachikulu: thupi langa likandiuza kanthu ndimamva, ndimadziwa chochita, ndipo ndimatha. Mwana amene walawa zimenezo, mawa lake amafuna kudzivula malaya, kusamba yekha m'manja, kubweza kapu pamalo pake. Ndi mwana yemweyo amene tsiku loyamba kusukulu ya mkombaphala amatha kuuza aphunzitsi kuti akufuna kutuluka, m'malo mokhala chete mpaka kabudula atanyowa, anzake n'kumamuseka. Palinso china chimene sitichiganizira. Mwana wodziwa kudzithandiza yekha safunika kuvulidwa ndi aliyense amene wapezeka pafupi, ndipo iyi ndi nthawi yabwino yomuuza kuti malo obisika a thupi lake ndi ake.

Vuto lathu makolo ndi changu. M'mawa tikuthamangira minibasi, ndiye timamunyamula, kumuvula, kumukhazika, kumupukuta, kumuveka, zonse tokha m'mphindi ziwiri. Mwana wachita pa kapoti inde, koma wangokhala ngati katundu. Musiyireni yake. Poyamba azingotsitsa kabudula, inu muzithandiza pokweza poti kumbuyo kumakodwa. Kenako azikweza yekha. Kenako azikatenga yekha sopo. Kupukuta ndiye kumachedwa, ana ambiri sapukuta bwino mpaka zaka zinayi kapena zisanu, choncho muziyamba mwamulola kuyesa, inu n'kumalizitsa. Mwana wamkazi mumuphunzitse kuyambira tsiku loyamba kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo tisalowe njira ya mkodzo. Ndipo chonde, zovala! Mwana wa zaka ziwiri mwamuveka jinzi ya lamba, batani ndi zipi, kapena ovolosi ya zingwe m'mapewa, akuti azioneka bwino kutchalitchi. Mkodzo sudikira zipi. Kabudula wa lasitiki kapena kadilesi n'zokwana. Pakhomo, nyengo yotentha ngati ya Okutobala, kumusiya wopanda thewera kwa maola angapo kumamuthandiza kuona yekha chomwe chimatuluka ndi mmene thupi limamvera chisanatuluke. Ana akumudzi amaphunzira msanga mwa zina chifukwa cha chomwechi.

Mudziwa bwanji kuti yakwana nthawi yochotseratu thewera masana? Mwana amakuuzani yekha, kungoti sitimvetsera. Thewera limakhala louma kwa maola awiri. Akabiba amalikoka kapena kubwera kudzakuuzani. Amakutsatirani kuchimbudzi kufuna kuona zomwe mukukachita. Amamva mukamutuma kuti katenge nsapato. Ena amakabisala kuseri kwa mpando kapena kwa chitseko, nkhope ili gwa. Wobisala ameneyu ndiye musakayike n'komwe, munthu sabisalira chinthu chimene sakudziwa kuti chikubwera.

Nthawi yabwino yomukhazika ndi akangodzuka, komanso patapita mphindi 15 mpaka 30 atadya, chifukwa chakudya chikalowa m'mimba matumbo amayamba okha kukankha. Mphindi zitatu kapena zisanu n'zokwana. Akapanda kuchita, adzuke, palibe mlandu. Kumusiya pa kapoti theka la ola mpaka matako atadinda mzere ndi chilango chimenecho, ndipo iye amadziwa. Mapazi azifika pansi. Amene muli ndi zimbudzi zamadzi zokhalira, dziwani kuti mwana miyendo ili lendelende sangakankhe bwino ndipo amaopa kugweramo, choncho muikireni kampando kopondapo. Mawu nawo akhale amodzi m'nyumba monse. Mayi akuti "bibi", bambo akuti "pupu", wantchito akuti "toileti", mwana amve ziti?

Za ndodo ndilankhula ngati munthu amene anapsa nazo. Mwana wanga woyamba ndinamubereka ndili wamng'ono, apongozi ali pafupi, ndipo ndinkafuna kuonetsa kuti ndimatha kulera. Ali ndi zaka ziwiri anabiba pamkeka pamaso pa alendo, ine manyazi atandigwira ndinamuthyapa ndi patapata. Mawa lake chimodzimodzi. Pa masabata awiri kudzibibira kunatha, ine n'kumadzitama. Sindinadziwe kuti mwanayo sanaphunzire kupita pa kapoti, anaphunzira kusabiba. Ankatha masiku anayi, asanu. Chikamupana ankaima chilili pakona, kupanikiza miyendo, thukuta lili kamukamu. Chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo chimauma n'kulimba, tsiku lotuluka chimapweteka, mwina mpaka kung'amba pang'ono magazi n'kutuluka, ndiye mwana amaopanso koposa n'kumachisungabe. Kenako ndinayamba kupeza timadzimadzi tonyansa m'kabudula mwake, n'kumati wayambiranso mwadala. Kuchipatala ndi kumene anandimasulira kuti timadzi timeneti timadutsa m'mbali mwa chimbudzi cholimba chija, mwana osamva n'komwe. Namwino wina wachikulire anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Mayi, mumamumenya?" Sindinayankhe. Zinatitengera miyezi, mankhwala ofewetsa, mapapaya, masamba ndi madzi ambiri kuti mwana uja asiye kuopa kapoti. Lero ndi bambo wa ana ake ndipo sakumbukira, koma ine ndimakumbukira.

Ndiye mwana akaphonya, ndipo aphonya kambiri, nenani mwachidule: "Mkodzo umapita mu kapoti. Tiye tikolope." Mupatseni kansanza akolope nawo, osati ngati chilango koma ngati munthu amene akukonza pomwe palakwika. Akakhoza muyamikireni, koma osachita kupha nkhuku. Zolonjeza switi ulendo uliwonse ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Ana ndi ochenjera, mupeza akukodza madontho atatu kakhumi patsiku kuti alandire malipiro.

Tsopano za kwathu kuno, kumene mabuku a azungu safikako. Ambiri a ife chimbudzi chathu n'chokumba, chili kuseri, ndipo amene muli pa lendi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chinsapo mumagawana ndi mabanja ena angapo. Kwa munthu wamkulu si kanthu. Kwa mwana wa zaka ziwiri ndi kanyumba kamdima, konunkha, ka mphemvu ndi ntchentche, kokhala ndi bowo limene mwendo wake wonse ungalowemo. Akamakana kulowamo si mwano, ali ndi nzeru. Musamutumizeko yekha. Ayambire pa kapoti, kapena kandowa kakale kosathwa m'mphepete ngati ndalama ya kapoti palibe, ndipo kazikhala malo amodzi omwe iye angafikepo osachita kupempha. Akakula pang'ono muzipita naye masana mutamugwira dzanja, ndipo bambo waluso atha kukhoma kathabwa ka bowo laling'ono koika pamwamba. Kunyonyomala kumene timachita pa chimbudzi chokumba n'kwabwino kale kwa matumbo, pamenepo musadandaule.

Koma pali chikhulupiriro chimodzi chimene chatidwalitsira ana: chakuti bibi wa mwana alibe vuto. Mwana wabiba pabwalo, timangokankhira ndi khasu kutchire kapena kusiyira galu ndi nkhuku. Madzi ochapira matewera timakhuthula pomwe ana anzake akusewera. A zaumoyo akhala akunena kuti chimbudzi cha mwana n'choopsa kuposa cha munthu wamkulu, poti ana ndi amene amatsekula m'mimba kawirikawiri. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Matenda otere amayenda kuchokera ku chimbudzi kupita kukamwa, ndipo sasankha kuti n'cha wamkulu kapena cha khanda. Choncho za mu kapoti zikathiridwe m'chimbudzi nthawi yomweyo, kapoti katsukidwe ndi sopo, madzi otsukirawo apitenso m'dzenje momwemo. Kenako nonse awiri kusamba m'manja. Ikani mpondagiya pamsinkhu woti mwana afikire. Kwa iye kuponda kamtengo kaja ndi masewera, ndipo palibe chifukwa chomuletsera. Koma ndowa yamadzi isakhale poti angaweramiremo yekha, mwana wamng'ono amamira ngakhale m'madzi ochepa.

Za mapampasi otayidwa sindinena zambiri, mumaziona nokha m'ngalande ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Mudi, agalu akukokerana. M'chimbudzi chokumba sawola, amangochidzazitsa msanga, a landilodi n'kuyamba kulusa. Werengani nokha: mwana wotha asanu patsiku amatha 1,825 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo umene mukugulira pa hokala panupo, muone ngati chaka chimodzi choonjezera chili chaulere. Sindikuti mapampasi ndi oipa. Paulendo wa pabasi wa ku Mzuzu, pamaliro kapena usiku amathandiza zedi. Koma mukayamba kuphunzitsa, masana musamasinthesinthe, lero panti, mawa pampasi chifukwa kwabwera alendo. Mwana samvetsa chifukwa chimene kukodzera m'zovala dzulo kunali kololedwa koma lero ayi.

Amayi apantchito, ndikudziwa mukuti zonsezi n'zabwino kwa munthu wokhala pakhomo. Zoona, njira ya agogo yokodzetsa khanda tsiku lonse simungaikwanitse muli ku ofesi kapena kumsika kuyambira 7 koloko. Musadziimbe mlandu. Chitani m'mawa, madzulo ndi kumapeto kwa sabata, zimathandizabe. Chachikulu, khalani pansi ndi amene amatsala ndi mwanayo, kaya ndi wantchito, mng'ono wanu kapena apongozi, mugwirizane nthawi, mawu ndi lamulo loti palibe kumenya. Mtsikana wantchito amene mumamukalipira mwana akanyowetsa sofa adzachita chimodzi mwa ziwiri: kumuveka pampasi inu mukangotuluka pageti, kapena kumutsina mwanayo. Pofuna sukulu ya mkombaphala musangofunsa fizi ndi yunifolomu. Pemphani akuonetseni chimbudzi cha ana, ndipo funsani kuti mwana akadzinyowetsa amatani naye.

Abambo, musabise nkhope kuseri kwa nyuzipepalayi ngati mkamwini wanga uja ndi mpira wake. Mwana wamwamuna ayambe ndi kukhala pansi, pokodza ndi pobiba pomwe, kuti asasokonezeke. Koma ikafika nthawi yoimirira, mphunzitsi wake ndinu. Ndipo kukataya kapoti sikunachotsepo ubambo wa munthu.

Za usiku ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amazunzikira chabe. Mwana atha kudziwa za masana ali ndi zaka ziwiri koma n'kumakodzabe pogona mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Munthu ali m'tulo saphunzitsika. Kuuma usiku kumadalira kuti thupi liyambe kuchepetsa mkodzo umene limapanga usiku, chikhodzodzo chikule, ndiponso ubongo uzitha kumudzutsa chikadzaza. Pa ana 100 alionse a zaka zisanu, pafupifupi 15 amakodzabe pogona, ndipo zimayenda m'magazi. Musanakalipe, kafunseni amayi anu kuti inuyo munasiya liti. Kumusenzetsa mphasa yonyowa pamutu kuti anzake amukuwize kumangomuonjezera mantha. Akodze asanagone, tiyi ndi zakumwa zotsekemera madzulo zichepe, pansi pa nsalu muyale pepala la pulasitiki, kapoti kakhale pafupi ndi pogona, basi. Koma musamumane madzi masana poopa kuti akodza. Mkodzo wachikasu kwambiri umavutitsa chikhodzodzo, ndipo kusamwa madzi kumadzetsa kudzimbidwa kuja.

Mudzaonanso mwana amene anatha kale akubwerera m'mbuyo. Kawirikawiri pamakhala chimene chasintha: kwabadwa mng'ono wake, mwasamuka, wantchito amene anamuzolowera wachoka, kapena makolo mukukangana usiku iye akumva. Mupatseni masabata angapo osamunyoza, zimabwerera m'chimake. N'chifukwa chake si bwino kuyamba maphunzirowa sabata yomweyo imene mukumuletsa kuyamwa kapena imene mayi akutuluka m'chipatala ndi khanda lina. Koma pitani naye kuchipatala ngati akulira pokodza, ngati mkodzo ukununkha modabwitsa uku thupi likutentha, ngati akumwa madzi ndi kukodza mopitirira muyeso kwinaku akuwonda, ngati akutha masiku ambiri osabiba, kapena ngati mumkodzo muli magazi. Kwa inu a kunyanja ndi kumadambo, magazi a kumapeto kwa mkodzo kawirikawiri ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo. Mwana wa zaka zinayi amene masana akudzinyowetsabe nayenso akaonedwe. Ana a ulumali kapena ochedwa kukula ambiri amaphunzira nawonso, kungoti pang'onopang'ono, ndipo ndi bwino kukambirana ndi a kusikelo za mmene mungayambire.

Kamnyamata ka ku Lilongwe kaja, agogo ake anakhalako masabata atatu podikira tsiku lawo la kuchipatala. Ndinamva kuti anagwirizana ndi mpongozi wawo: agogo anasiya kubwereza za bambo ake amene anasiya thewera asanayende, mayi ake anakagula kapoti kobiriwira ndi mapanti sikisi. Masiku atatu oyamba akuti anakolopa mpaka msana kuwawa. Sabata yathayi mayi akeyo anandiimbira foni, ndipo tili mkati molankhula ndinamva kamawu kakukuwa chapatali kuti, "Amami, musabwere! Ndekha!"

"Azakhali, dikirani kaye," anatero mayi ake, "ndikasuzumire ngati wakumbukira sopo." Foni n'kuduka.